Bambo ndi Mayi Brand Pakati pa Odwala Khate ku India

 Madzulo ano nkhani yathu ikutitengera kutali, kum'mwera kwa dziko la India, m'tauni yotchedwa Vellore. Kumeneko madotolo awiri a ku Mangalande, mwamuna ndi mkazi wake, anakhala zaka pafupifupi 20 akutumikira odwala khate. Maina awo ndi Paul ndi Margaret Brand.

Bambo Brand anabadwira ku India komweko m'chaka cha 1914, m'mapiri a Kolli, kumene makolo awo anali amishoni. Ali ndi zaka 9 anapita nawo kusukulu ku Mangalande, ndipo atate awo anamwalira mu 1929 iwo ali kutali. Asanaphunzire udotolo anayamba aphunzira ntchito yomanga nyumba. Anakumana ndi Mayi Brand pasukulu ya udotolo ku London, nakwatirana mu 1943, nkhondo ili m'kati. Mu 1946 anaitanidwa kukaphunzitsa za opaleshoni pachipatala cha mishoni cha Christian Medical College ku Vellore, ndipo akazi awo anawatsatira pambuyo pake.

Masiku amenewo zipatala zambiri sizinali kugoneka munthu wakhate. Anthu wamba ndi madotolo omwe ankakhulupirira kuti nthendayi imawoletsa mnofu, kotero kuti zala zimangothothoka zokha, ndipo palibe chimene mpeni wa dotolo ungachite. Bambo Brand atakacheza kumalo osungirako odwala khate ku Chingleput, anagwira dzanja lopindika la wodwala wina namuuza kuti afinye. Munthuyo anafinya mwamphamvu mpaka dotolo anamva kuwawa. Apa anazindikira kuti m'dzanja limene onse analitaya munali minofu ina yamoyo. Anayamba kusuntha mitsempha ya minofu yabwinoyo ndi kuilumikiza ku zala zofooka, ndipo manja amene anali ngati zikhadabo za kabawi anayambanso kugwira khasu ndi cholembera.

Koma opaleshoni yokha sinathetse vuto. Odwala ankapita kwawo ndi manja owongoka, nabwerako ali ndi zilonda zatsopano. Chotero banjali ndi anzawo anamanga kamudzi ka nyumba zadothi, kotchedwa New Life Centre, kumene odwala ankakhala ndi kuphunzira ukalipentala ndi ntchito zina zamanja. M'kamudzi kameneka ndi mmene chinsinsi chinaululika, chifukwa madotolo tsopano ankaona mmene odwala amakhalira tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina Bambo Brand analephera kutsegula loko wadzimbiri. Kamnyamata kena kodwala kanalanda kiyi, nikapotokola kamodzi kokha, loko n'kutseguka. Dotolo anadabwa ndi mphamvu zotere, koma poyang'ana chala cha mwanayo anapeza kuti kiyi wacheka mpaka pafupa. Mwanayo sanamve kanthu. Inu ndi ine tikanaleka kupotokola chala chitangoyamba kuwawa. Kachilombo ka khate kamaononga mitsempha yomvera ululu, ndiye munthu amagwira mphika wamoto, amaponda minga, amayenda tsiku lonse ndi mwala m'nsapato, osadziwa. Chilonda chimatukusira, iye n'kumapondabe pomwepo, mpaka fupa kutha.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inasanduka yowerenga zala. Ankayang'ana manja ndi mapazi a odwala kawirikawiri, ndipo chilonda chilichonse ankafuna kudziwa gwero lake. Zina zinali zochokera ku chogwirira cha khasu, zina ku nyali yamoto. Panatsala zala zina zimene zinkasowa usiku, munthu ali m'tulo. Atadikirira anapeza kuti ndi makoswe amene ankadya zala za anthu ogona. Mankhwala ake anali mphaka. Wodwala akamatuluka ankapatsidwa kamwana ka mphaka kuti apite nako kwawo. Mwina mukuseka, omvera anga, koma ine ndikuona kuti dotolo wonyada sakanatsika kufika pa nzeru imeneyi. Anagwiranso ntchito zaka zambiri kuyesa nsapato, kufikira anapeza mphira wofewa amene amateteza phazi ladzanzi, ndipo nsapato zotere zinayamba kusokedwa pachipatala cha khate cha Karigiri, pafupi ndi Vellore.

Nanga Mayi Brand? Iwo sanaphunzire za maso kusukulu ngati ntchito yawo yeniyeni. Chipatala chitasowa anthu m'chipinda cha odwala maso, anapemphedwa kukathandiza ali ndi khanda m'manja. Anaphunzirira pantchito pomwepo, napita nawo m'midzi kukachotsa ng'ala m'maso mwa anthu osauka. Banjali linali ndi ana 6, ndipo amayi amene mukumvera mukudziwa bwino kuti kulera ana otere, m'dziko lotentha, uku ukuyembekezeka kuchipatala m'mamawa, si ntchito yamasewera.

Mayi Brand anaona kuti chimene mwamuna wawo anapeza m'manja chinalinso m'maso. Diso la munthu wabwino limaphethira lokha likamva kuuma kapena kachitsotso. Kwa odwala khate ambiri diso silimva kanthu, ndipo kwa ena chikope chimafooka osatsekeka. Diso limauma, limachita zilonda, munthu n'kuchita khungu. Taganizani munthu wosaona amenenso zala zake sizimva chimene wagwira: ameneyo sangathe ngakhale kupapasa njira. Njira ina imene anagwiritsa ntchito inali yotenga mbali ya mnofu wotafunira, wa m'mbali mwa mutu, ndi kuulumikiza ku zikope. Wodwala akatafuna, diso limatsekeka. Mayi amene analowa m'ntchitoyi mongothandiza anadzakhala mmodzi wa akatswiri odziwika pa dziko lonse pa za maso a odwala khate.

Mu 1966 banjali linasamukira ku Carville, m'dziko la Amereka, kuchipatala cha boma cha khate. Kumeneko kunaoneka kuti nzeru za ku Vellore zikuthandizanso odwala matenda a shuga, amene mapazi awo amachita dzanzi ndi kudulidwa pa chifukwa chomwecho. Bambo Brand anamwalira mu 2003, ndipo Mayi Brand mu 2014.

Kwathu kuno khate si nthenda yachilendo. Akuluakulu akukumbukira malo a odwala khate ku Utale ndi ku Mua, ndiponso ntchito ya bungwe la LEPRA. M'chaka cha 1994 dziko la Malawi linafika pa muyeso wakuti khate silinalinso vuto lalikulu, koma odwala atsopano amapezekabe. Masiku ano nthendayi imachizika ndi mankhwala akumwa miyezi 6 kapena 12, ndipo amaperekedwa ulere. Koma mtsempha umene unafa kale suuka ndi mapiritsi. N'chifukwa chake banga lotuwa pakhungu, limene silimva mukalikhudza, liyenera kukaonetsedwa kuchipatala msanga. Ndipo amene muli ndi mbale amene anachira koma mapazi ake ndi adzanzi, muthandizeni kuyang'ana kuphazi madzulo alionse, ndi kukutumula nsapato zake asanavale.