Za Kusinthika kwa Zamoyo Monga mwa Malo Ao

Mwana wa sukulu akafunsa cifukwa cace nyamalikiti wa m'cigwa ca Luangwa ali ndi khosi lalitali, ambiri amyankha kuti, "Analitalikitsa pofuna masamba a kunsonga." Yankho ili likoma m'khutu, koma si loona ai. Wosula makasu alimba manja ndi nchito yace, koma mwana wace sabadwa ndi manja olimbawo.

Njira yeniyeni anaifotokoza Charles Darwin wa ku England m'buku lace lochedwa On the Origin of Species, la caka ca 1859. Alfred Russel Wallace nayenso anaizindikira payekha. Mitu yace ndi itatu. Poyamba, ana a mtundu umodzi sabadwa ofanana. Kaciwiri, obadwa acuruka koposa cakudya, kotero kuti ambiri afa asanabale. Kacitatu, opulumuka ndiwo amene matupi ao ayenerana ndi malo, ndipo apatsira ana ao maonekedwe omwewo. Popita mibadwo yambirimbiri mtundu wonse usinthika, cinkana palibe nyama ndi imodzi yomwe inafuna kusintha.

Mlimi acita cimodzimodzi popatula ngala zazikuru za mapira kuti zikhale mbeu. Koma kuthengo osankha ndiwo cirala, njala ndi zirombo. Motero mlambe usunga madzi m'thunthu lace, nuyoyola masamba m'cirimwe. Ndipo nyama zochedwa lechwe za m'madambo a Kafue ziri ndi ziboda zazitali zotambasuka, zoyenera kuyenda m'matope.

Tsono wina angati nkhani iyi nja m'mabuku cabe. Iai, ikhudza moyo wa ana m'midzi. Mankhwala a chloroquine anaciritsa malungo zaka zambiri, koma mwa tizirombo ta malungo munabadwa tina towerengeka tosafa nao. Tinzace titatha, ito tinatsala ndi kuswana, kufikira mankhwalawo analeka kuthandiza. Dziko la Malawi linawasiya m'caka ca 1993, ndipo Zambia inasinthanso pambuyo pace. Pofika 2005, madokotala a ku Blantyre anapeza kuti chloroquine inayambanso kupha tizirombo ta kumeneko, pakuti tolimba tija tinapambanidwa ndi tinzace pamene mankhwalawo anacoka. Kusinthika kumene mwa nyamalikiti kunatenga mibadwo yosawerengeka, mwa tizirombo kunaoneka m'moyo wa munthu mmodzi.

Cifukwa cace mphunzitsi asayambe phunziro ili pa bolodi. Atume ana akatole nyemba kapena masamba a mtengo umodzi, awayale pansi, naone okha kuti palibe ziwiri zofanana. Pamenepo awafunse kuti nziti zingapirire cirala. Mwana wozindikira ici adzamvetsa cifukwa cace ku cipatala alamula kumwa mankhwala mwa muyeso wace kufikira atatha, ndipo adzafotokozera akwao.