Kugula Zitsulo Zakale za Injini ya Boti

Mawu awa ndi okambidwa kwa asodzi a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Alembedwa muno kuti aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga awawerengere anzawo pa madoko.

Msodzi wa chilimira adziwa bwino kuti injini ikafa, boti ligona pa mchenga. Usiku umenewo anyamata ake sapata kanthu, ndipo m'mawa amayi ogula usipa abwerera ndi mabeseni opanda nsomba. Koma zitsulo zatsopano za injini ndi zodula. Chifukwa chake asodzi ambiri a ku Mangochi, Monkey Bay, Senga Bay, Nkhotakota ndi Nkhata Bay amafuna zitsulo zakale kwa amakaniko, kapena kwa anzawo amene injini zawo zinatha ntchito.

Zimenezi sizochititsa manyazi ayi. Ngakhale m'maiko olemera muli kaunjika wa zitsulo za maboti. Ku Florida, m'dziko la America, msika wotere wa Dania unayamba mu 1979. Ku Alang, m'dziko la India, kumene anayamba kuphwasula zombo zakale mu 1983, masitolo ogulitsa katundu wochokera m'zombozo andanda m'mbali mwa msewu. Konseko lamulo ndi limodzi: wogula ayenera kupenya yekha, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ntchito yoyamba ichitika msodzi asanachoke pakhomo. Injini iliyonse, monga Yamaha Enduro imene asodzi ambiri ali nayo, ili ndi kachitsulo kolembapo mtundu wake ndi nambala yake, pafupi ndi pamene imangidwa ku boti. Msodzi alembe manambalawo pa pepala, atengenso chitsulo chakufacho m'thumba kuti akachilinganize ndi chimene afuna kugula. Zitsulo zambiri zifanana m'maso, koma sizilowana. Ngakhale miyendo ya injini isiyana: ulipo waufupi wa mainchesi 15 ndi wautali wa mainchesi 20. Mwendo waufupi pa boti lalitali kumbuyo usiya pulopela pamwamba, ndipo injini siyamwa bwino madzi oiziziritsa.

Chachiwiri, msodzi ayese chitsulo ndi manja ake. Pulopela ili ndi manambala awiri osonyeza kukula kwake ndi kupendeka kwa mapiko ake, ndipo manambalawa ayenera kugwirizana ndi a pulopela yakale. Ya mapiko osweka kapena opindika igwedeza injini ndi kuwononga giyabokosi. Pogula giyabokosi, msodzi azungulize shafiti imene pulopela ikhalapo. Ikamayenda mopepeluka, ndiye kuti inapindika pogunda mwala. Kenaka apemphe wogulitsa amasule pang'ono bawuti ya pansi kuti mudonthe oyilo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka asonyeza kuti madzi alowamo, ndipo tizitsulo tonyezimira m'oyilomo tisonyeza kuti mano a magiya akudyana.

Pogula injini yathunthu, aikoke chingwe pang'onopang'ono. Injini yamphamvu ilimbalimba pokoka, koma yotha ikokeka mopepuka. Asalole kuti ilizidwe pa mtunda popanda madzi, pakuti kampira ka pampu, kamene amakaniko amati impela, kapsa m'kanthawi kochepa. Iyesedwe m'diramu la madzi kapena pa nyanja, ndipo msodzi aone ngati kamtsinje ka madzi kakutuluka mwamphamvu kumbuyo kwake. Achenjerenso ndi injini yochokera ku nyanja ya mchere. Mchere udya zitsulo m'kati, ndipo mabawuti ake athyoka pomasula. Penti watsopano pa injini yakale afunsidwe chifukwa chake.

Chachitatu, zilipo zinthu zosayenera kugulidwa zakale ngakhale zitatchipa chotani. Zimenezi ndi impela, mapulagi, magasiketi, timipira totseka oyilo ndi paipi ya petulo. Mphira ikakalamba iuma ndi kung'aluka, ndipo ing'aluka tsiku limene munthu ali pakati pa nyanja. Zinthu zimenezi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi injini imene zingaphe.

Tsopano za kunenerera. Msodzi wanzeru ayamba wafunsa ku sitolo mtengo wa chitsulo chatsopano, pakuti wosadziwa mtengo umenewu anenerera mu mdima. Chitsulo chakale chikayandikira mtengo wa chatsopano, ndi bwino kupirira masabata angapo ndi kugula chatsopanocho. Apite ndi mnzake wodziwa za injini, ndipo ngati palibe, afunse alangizi a za usodzi a m'dera lake. Boma liphunzitsa anthu za usodzi ndi za injini za maboti pa sukulu yake ya ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi.

Pofika, apereke moni ndi kucheza pang'ono, osathamangira chitsulo chimene mtima wake wafuna. Wogulitsa akaona kuti boti la munthu lagona pa mchenga ndipo mwezi uli ku mdima, nthawi imene usipa ubwera bwino ku nyali, akweza mtengo. Nchifukwa chake nthawi yabwino yogula ndi pamene injini ikali kuyenda. Msodzi alole wogulitsa atchule mtengo poyamba. Kenaka iye atchule zilema zimene waziona, zoona zokhazokha, ndi kunena mtengo wake wotsikirapo. Akakanika kumvana, atsazike mwaulemu ndi kupita. Nthawi zambiri wogulitsa amuitana asanafike patali. Koma asafinye mnzake amene agulitsa chifukwa cha matenda kapena maliro, pakuti mawa adzakumana pa doko lomwelo.

Asanapereke ndalama, apangane kuti chitsulo chikapanda kulowa adzachibweza, ndipo pakhale mboni, monga wa komiti ya pa doko. Pa injini yathunthu palembedwe kalata yokhala ndi dzina la wogulitsa, mtengo, tsiku ndi nambala ya injini. Injini yofufutidwa nambala, kapena yogulitsidwa usiku pa mtengo wodabwitsa, aisiye. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo wogula angataye injini ndi ndalama zomwe.

Potsiriza, onse akumbukire mwera, umene uomba kwambiri kuyambira mwezi wa May mpaka August. Mu 1946 nyanja yomweyi inamiza sitima yachitsulo ya Vipya pamodzi ndi anthu 145. Nanga boti lamatabwa limene injini yake yazima pa mafunde? Chitsulo chakale chikamangidwa, chiyesedwe masana pafupi ndi gombe chisanapite kutali usiku. M'boti musasowe nkhafi, pulagi yapadera, sipanala yake ndi majekete oyandamitsa munthu. Ndalama zopulumutsa pa msika zili ndi phindu pokhapokha onse amene anakwera boti madzulo abwerako m'mawa.