Mota, Lamba ndi Magudumu Awiri

Mundilole ndinene za phunziro limodzi limene ndaliyesa pa sukulu yathu.

Ana athu amapita kukagaitsa, naona lamba alikuthamanga pakati pa mota ndi cigayo, koma sadziwa nchito yace. Akatswiri a makina, asanagule citsulo ciri conse, amayamba ayesa zonse pa kompyuta. Amalembamo liwiro la mota, ukuru wa magudumu ndi kulemera kwa katundu, ndipo iyo imawaonetsa m'mene makinawo adzayendera. Ambirife kompyuta tiribe, koma masamu tiri nao, ndi manja omwe.

Tengani kamota ka m'wailesi yakufa ya kaseti, mabatire awiri a toci, ndi magudumu awiri osema pa thabwa, lina masentimita 2 m'mimba mwace, lina 6. Laling'ono likhale pa mota, lalikuru pa msomali wozungulira nalo pamodzi. Lamba mumdule pa cubu cakale ca njinga.

Musafulumire kulumikiza mabatire. Poyamba funsani ana kuti, laling'ono likazungulira ka 30, lalikuru lizungulira kangati? Alembe yankho lao, ndipo pambuyo pace azungulitse ndi dzanja, nawerenge poyang'ana cizindikiro ca coko. Adzapeza 10. Liwiro lacepa katatu, koma mphamvu yopotokola yakula pafupifupi katatu.

Tsono mangani ulusi pa msomali uja, kunsi kwace kabokosi ka macesi, nimulumikize mabatire. Onjezani timiyala m'kabokosi kufikira lamba ayamba kuterereka: mota alikulira, koma gudumu lalikuru laima. Mukamkunga kwambiri lambayo, mota amalema natentha. Apa mwana amaona yekha kuti yankho la pa pepala liri ndi malire ace.

Potsiriza apatseni funso ili: mota azungulira ka 1,450 pa mphindi imodzi, cigayo cifuna 2,900, gudumu lalikuru likhale kuti? Wonena kuti pa mota, ndiponso loposa linzace kawiri m'mimba mwace, wamvetsa.

Cinthu cimodzi musaiwale, anzanga. Lamba wa m'kalasi amangotsina cala, koma wa ku cigayo amadula dzanja. Auzeni ana asamuyandikire alikuyenda, makamaka obvala nsaru zolendewera.