Mabala Osatuluka Magazi



Mau a Mulungu amene tamva lero, ochokera m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19, akutionetsa mneneri Eliya ali thapsa pansi pa kamtengo m'chipululu, akupempha Mulungu kuti angomchotsa moyo. Uyutu ndi munthu yemwe uja anaima yekha pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri 450 a Baala, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Koma atamva kuti mfumukazi Yezebele walumbira kuti amupha, mtima unamchoka, nathawa. Pathupi pake panalibe bala, komabe anali wovulala. Ndikamawerenga nkhaniyi ndimakumbukira munthu wina amene ndinamuona ndili mnyamata.

M'chaka cha 1986 nkhondo ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inakula m'chigawo cha Tete, ndipo abale athu a ku Angonia anakhamukira kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Akuluakulu mukukumbukira misasa ya udzu ija m'mbali mwa malire, ku Lizulu ndi ku Biriwiri. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi muno anali atapitirira miliyoni imodzi. Mmodzi wa iwo anafika pakhomo pathu kudzafuna ganyu, bambo anga namlandira. Anali munthu wamphamvu pa khasu ndiponso waulemu. Tsiku lina chubu cha njinga chinaphulika pabwalo, ndipo munthu wamkulu uja anadzigwetsa pansi, nakwawira kunsi kwa nkhokwe, thukuta lili kamukamu. Ife anyamata tinaseka, ndipo mpaka lero ndimachita nako manyazi kusekako. Usiku ankakuwa kutulo. Akamva fungo la lupsa ankasiya khasu m'munda n'kupita kukakhala yekha kudambo. M'mudzi ena ankati walodzedwa, ena ankati mizimu ya anthu amene anawapha ikumsautsa, chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamfunsapo zimene anaona.

Lero tikudziwa dzina la vuto lake. Mulungu anaika m'thupi mwathu mlonda. Zoopsa zikafika, mlondayo amaliza lipenga: mtima umagunda mofulumira, mpweya umathamanga, miyendo imakonzeka kuthawa, penanso thupi limangouma gwa. Zoopsa zikapita, mlonda amakhala pansi. Anthu ambiri amene aona zoopsa amavutika masiku kapena masabata angapo, kenaka mtima umabwerera m'malo, makamaka ngati ali pakati pa abale owasamala. Koma mwa ena mlonda uja sakhalanso pansi. Chimene chinachitika zaka zapitazo sichikhala cha kale, chimabwera ngati cha lero lomwe, m'maloto kapena masanasana, chikadzutsidwa ndi phokoso, fungo kapena nkhope ya munthu. Wodwalayo amapewa malo ndi nkhani zomkumbutsa, amadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, tulo timamsowa, amapsa mtima msanga, ndipo nthawi zina amakhala ngati mtima wake wachita dzanzi, osamva chikondi ngakhale cha ana ake. Madokotala a ku America analemba vutoli m'buku lao la matenda m'chaka cha 1980, ataona mmene asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam ankazunzikira, ndipo mwachidule amalitcha PTSD. Iwo amati zizindikirozi zikapitirira mwezi umodzi, n'kumalepheretsa munthu kugwira ntchito ndi kukhala bwino ndi anzake, pamenepo pafunika chithandizo.

Musaganize kuti ndi nthenda ya asilikali okha. Alipo amene anapulumuka matope a namondwe Freddy mu Malichi 2023 ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo mpaka lero mitambo ikangoda sagona. Alipo anyamata athu amene anathawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, nabwera opanda katundu ndiponso opanda mau. Alipo otuluka amoyo m'minibasi yogubuduzika pa msewu wa M1. Koma kunena zoona, mabala ochuluka a mtundu umenewu sachokera kunkhondo kapena kumvula ayi. Amachokera m'nyumba zathu zomwe: mai womenyedwa chaka ndi chaka, mtsikana wogwiriridwa ndi mbale wake, akuluakulu n'kumati zimenezi n'zapabanja, zisatuluke.

Makolo ndi aphunzitsi, mvetsetsani apa. Wachinyamata sanena kuti mtima ukundipweteka. Mudzaona mwana amene ankakhoza m'kalasi wayamba kulephera, wofatsa wasanduka waukali, wokonda kucheza wayamba kudzitsekera m'gowelo, wina wayamba kachasu kapena chamba kuti apeze tulo, wina akudandaula mutu ndi m'mimba kuchipatala osampeza nthenda. Ife timathamangira kunena kuti wakula mwano, n'kutenga chikwapu. Musanatenge chikwapucho, dzifunseni kuti kusinthaku kunayamba liti, ndipo kunachitika chiyani masiku amenewo.

Ifenso a Mpingo tili ndi mlandu wathu. Kangati tauza munthu wotere kuti limba mtima, mwamuna salira, iwala zakale, ukusowa chikhulupiriro? Ena afika pomumanga ndi kumkuwira usiku wonse kuti chiwanda chituluke, osadziwa kuti kukuwako kukungodzutsa mlonda uja. Taonani mmene Mulungu anachitira ndi Eliya. Sanamdzudzule. Anamlola kugona, natuma mngelo ndi mkate ndi madzi, namlolanso kugona, namdyetsanso. Patapita masiku 40, ku phiri la Horebu, ndi pamene anamfunsa chimene chinamfikitsa kumeneko. Anamfunsa kawiri, Eliya nafotokoza dandaulo lomwelo kawiri, Mulungu osatopa nalo. Pambuyo pake anampatsa ntchito, nampatsanso mnzake, Elisa.

Anzathu a chipatala amayenda m'njira yofanana ndi imeneyi. Amayamba ndi kuonetsetsa kuti munthu ali pamalo otetezeka, pakuti simungachize mai amene madzulo ano akamenyedwanso, kapena mwana amene akugona nyumba imodzi ndi womgwirira. Pa mwana wotere pitani kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani nambala yaulere ya 116. Samkakamiza munthu kufotokoza tsiku lomwelo la ngozi, chifukwa kukakamiza kumatha kukulitsa bala. Koma nthawi yake ikakwana, mankhwala aakulu ndi kulankhula ndi mlangizi wophunzitsidwa, amene amamtsogolera pang'onopang'ono kuyang'ana chimene wakhala akuchithawa, mpaka thupi litaphunzira kuti zinapita. Pali njira ina imene inayesedwa pakati pa othawa nkhondo ku Uganda: wodwala amayala chingwe pansi, choimira moyo wake, naikapo mwala pa tsoka lililonse ndi duwa pa chokoma chilichonse, kenaka amafotokoza mwala umodziumodzi pamalo pake. Kumapeto kwa chingwecho amakusiya kokulunga, chifukwa moyo ukadalipo. Mapiritsi aliponso othandiza ena, koma apereke ndi dokotala. Ogonetsa ogula pamsika aja amangophimba bala, munthu n'kuwazolowera. Yambani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena cha boma ku Ntcheu, mufunse anamwino oona za matenda a maganizo. Kuli chipatala chachikulu ku Zomba, ndiponso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si kunyoza pemphero, monganso kumwa mankhwala a malungo si kukana Mulungu. Ndipo wina akakuuzani mau onga a Eliya, akuti kuli bwino ndife, musamsiye yekha tsiku limenelo, mperekezeni.

Kwa inu amene mukumva mauwa muli nalo balali, ndikunena monga wansembe: kupulumuka pamene ena anafa si tchimo, ndipo kugwiriridwa si tchimo la wogwiriridwayo. Simuyenera kulapa chimene anakulakwirani ena.

Mai anga sanapite kusukulu. Iwo ankangomtengera mlendo uja nsima kudambo, n'kukhala chapatali akusenda nandolo, osafunsa kanthu. M'chaka chachiwiri anayamba yekha kuwafotokozera, madzulo amodzi pang'ono, ena pang'ono, za mudzi wake ndi za ana ake awiri. Zimene anamva mai anga sanatiuze. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Chikatolika la Sant'Egidio, munthu uja anadikira kaye mpaka titakolola, kenaka anatsazika, natenga khasu limene bambo anampatsa, nabwerera ku Angonia.