AKAFULA NDI ZITHUNZI ZAO ZA PA MATANTHWE

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi

Nkhani ya lero iri ya anthu amene mwana ali yense wa m'mudzi anamvapo dzina lao, koma amene sachulidwa kawirikawiri m'kalasi. Anthuwo ndiwo Akafula, amene ena awacha Abatwa. Agogo amasimba kuti anali anthu aafupi msinkhu ndi aukali, ndipo kuti mlendo akakomana nao m'thengo ankamfunsa kuti wawaonera pati. Woyankha kuti wawaonera patali ankapita ndi mtendere, koma woyankha kuti wawaonera pafupi ankalasidwa. Cifukwa cace anapatsidwa dzina lina lakuti Amwandionerapati. Ana amaseka akamva nthano imeneyi, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma anthuwa anakhaladi m'dziko lino zaka zikwi zambiri khasu lisanafike, ndipo umboni wao ukali pa matanthwe, pena pafupi ndithu ndi masukulu.

Zithunzi za m'zipululu

Kuti zithunzi za kuno zimveke bwino, nkofunika kuyamba ndi za m'maiko a cipululu, kumene alenje akale anasiya zambiri.

Ku Algeria, pakati pa cipululu ca Sahara, kuli mapiri ochedwa Tassili n'Ajjer. Lero kumeneko kuli mcenga ndi miyala, ndipo mvula igwa mwa kamodzikamodzi. Koma pa matanthwe ace pali zithunzi zoposa 15,000, ndipo mwa izo muli njobvu, mvuu, nyamalikiti, alenje ndi magulu a ng'ombe. M'caka ca 1956 Mfalansa wina, Henri Lhote, anapita kumeneko ndi anzace nalemba zithunzizo pa mapepala, ndipo anthu a m'maiko ambiri anadabwa poziona. Mvuu sikhala pouma. Cotero zithunzizo zicitira umboni cimene akatswiri atsimikiza m'njira zinanso, cakuti zaka zoposa 5,000 zapitazo Sahara anali ndi msipu, mitsinje ndi nyanja. Mwana amene amva ici aphunzira kuti dziko limasintha, ndi kuti dambo limene liri kuseri kwa sukulu silinalonjezedwe kukhala dambo mpaka muyaya.

Kum'mwera kwa Zambezi kuli cipululu ca Kalahari, kwao kwa anthu ochedwa San. Makolo ao sankalima. Amuna ankasaka ndi mauta aang'ono ndi mibvi yopaka ulembe, akazi ankakumba mizu ndi kutola zipatso, ndipo madzi ankawasunga m'zigoba za mazira a nthiwatiwa. Pa mapiri a Tsodilo, ku Botswana, pali zithunzi zoposa 4,500, ndipo m'caka ca 2001 bungwe la UNESCO linalemba malowo pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Za kumeneko pali nkhani ziwiri zoyenera kuzikumbukira. Yoyamba ndi ya phiri la Brandberg, ku Namibia. M'caka ca 1918 Mjeremani wina, Reinhard Maack, anaona m'phanga cithunzi ca munthu wa miyendo yoyera atanyamula uta. Pambuyo pace katswiri wochuka, Henri Breuil, analengeza kuti ameneyo ndi mkazi waciyera wocokera ku maiko a ku nyanja ya Mediterranean, pakuti sanakhulupirire kuti anthu akuda a m'cipululu angajambule mwa luso lotere. Ofufuza a pambuyo anapenyetsetsa napeza kuti cithunzico nca mwamuna, mwana wa dziko lomwelo, wodzipaka zoyera pa mwambo. Munthu wophunzira kwambiri anasokera cifukwa anayamba ndi kupeputsa eni ace.

Yaciwiri ndi ya Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd, amene kuyambira 1870 anakhala pansi ku Cape Town ndi anthu a mtundu wa San, ena mwa iwo akaidi, nalemba nthano, miyambo ndi mbiri zao m'cinenero cao, masamba pafupifupi 12,000. Mau amenewo ndiwo anathandiza akatswiri kuzindikira kuti zithunzi zambiri za kum'mwera zinena za gule wocizira odwala, za mvula ndi za mizimu, ndi kuti nchefu yojambulidwa siimira ndiwo cabe.

Zimene zinapezeka kuno kwathu

Akafula analibe mwai wotere. Palibe amene anakhala nao pansi kulemba cinenero cao cisanathe. Zimene anasiya ndizo ziri m'nthaka ya m'mapanga ndi pa makoma ace.

Kum'mwera kwa Katete, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli phanga la Makwe. David Phillipson anakumba pamenepo m'caka ca 1966, napeza phulusa, mafupa a nyama, mikanda ndi tizipangizo tambirimbiri ta mwala, tina tocepa ngati cikhadabo, timene ankatimata ku mtengo kuti tikhale nsonga za mibvi ndi mipeni. Zakale zace za pamenepo zifika zaka pafupifupi 6,000. Dzina la Makwe lidziwika tsopano kwa akatswiri a maiko akutali, pakuti mtundu wonse wa zipangizo zotere za m'dera lino unachedwa ndi dzina limeneli; koma ana ambiri a ku Katete sanalimvepo m'kalasi.

Phanga la Kalemba, m'boma la Chadiza, limene kale Vubwi anali mbali yace, linakumbidwa m'caka ca 1971, ndipo kunapezeka kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 37,000 zapitazo. Ku Thandwe, m'dera la Chipata, kunakumbidwanso. Zonsezi Phillipson anazilemba m'buku limene linasindikizidwa mu 1976.

Cinthu cacikuru cimene mapangawa anaonetsa ndi ici: pamene alimi oyamba anafika ndi citsulo, mbiya ndi mbeu, zaka zoposa 1,500 zapitazo, alenje aja sanazimirire nthawi yomweyo. M'nthaka ya pamwamba muli mapale a mbiya osakanizika ndi zipangizo za mwala. Mitundu iwiriyi inakhala moyandikana zaka mazana ambiri, alimi m'madambo, alenje m'mapiri, ndipo mbiya zinafika m'mapanga cifukwa anthuwo ankakomana. Kufikira zaka mazana owerengeka zapitazo alenjewo anali cikhalire. Cifukwa cace agogo akali kuwakumbukira.

Zofiira ndi zoyera

Mphunzitsi amene aima pa thanthwe lojambulidwa ayenera kuyamba wapenya mtundu wa utoto.

Zithunzi zofiira ndizo zakale, ndipo ndizo za Akafula. Utoto wace unacokera ku miyala yofiira yopera, ndipo zambiri zinapakidwa ndi cala. Sizifanana ndi za kum'mwera kwa Zambezi, kumene anthu ndi nyama zicuruka. Kuno zambiri ndi zozungulira, zina zozungulira m'kati mwa zinzace, mizere yondondozana, madontho, ndi zina zonga makwerero. Nyama ziripo koma nzowerengeka, monga nchefu ya pa Katolola pafupi ndi Chipata. Kusiyana kumeneku ndi cimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri anenera kuti Akafula sanali mtundu umodzi ndi San. Benjamin Smith, amene anafufuza zithunzi za ku Kasama ndi za ku Dedza, aganiza kuti zozungulira ndi mizere zinali za akazi, zonena za kubala ndi mvula, ndipo kuti nyama zinali za amuna. Awa ndi maganizo a munthu wofufuza, ndipo mphunzitsi awapereke kwa ana monga maganizo.

Zithunzi zoyera nzatsopano, ndipo kawirikawiri zipezeka zitapakidwa pamwamba pa zofiira. Izi nza makolo a Acewa. Zina zioneka ngati cikopa ca nyama coyanikidwa, miyendo itatambasuka, ndipo zinali zolangizira anamwali. Zina zifanizira zirombo za nyau, monga kasiyamaliro. Zoyera zotere zipezeka ku Mkoma, ku Makwe ndi ku Thandwe, ndiponso ku Chongoni m'boma la Dedza ku Malawi, kumene malo 127 analembedwa ndi UNESCO mu 2006. Thanthwe limodzi lingathe kusunga mbiri ya mitundu iwiri, wina pamwamba pa mnzace.

Nanga Akafula anapita kuti? Nthano zina ziti anathawira kutali, zina ziti anaphedwa pa nkhondo. Koma ponse pamene mitundu ikhala moyandikana zaka mazana ambiri pamakhala maukwati, ndipo ofufuza ambiri akhulupirira kuti ena mwa alenjewo analowa m'midzi ya alimi, ana ao nayamba kulima. Cotero mwana amene aseka Akafula angathe kukhala akuseka agogo ace omwe.

Nchito ya mphunzitsi

Zithunzi zimene zinapirira mvula ndi dzuwa zaka mazana ambiri zingathe kuonongeka pa tsiku limodzi. Adani ace ndi odziwika: makala ndi coko za ana olemba maina ao, moto wa abusa ndi osaka mbewa umene udetsa denga la phanga ndi kusuwa mwala, anthu oswa miyala yomangira, ndi ena okumba m'mapanga poyesa kuti muli cuma. Nkomvetsa cisoni kuti dzanja limene lilemba dzina pamwamba pa cithunzi linaphunzira kulemba ku sukulu. Lamulo la caka ca 1989, limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, linaletsa kuononga, kukumba kapena kucotsa zinthu zakale popanda cilolezo. Koma bungwe liri kutali, pamene mphunzitsi ali pafupi. Tsono pali zinthu zisanu zimene sukulu iri yonse ingacite popanda ndalama.

Coyamba, mphunzitsi afunse kwa a nyakwawa ndi akuluakulu ngati m'mapiri a pafupi muli phanga la zolembalemba. Abusa a mbuzi adziwa malo ambiri amene sanalembedwe m'buku liri lonse.

Caciwiri, asapite ndi ana asanapemphe. Malo ena a zithunzi zoyera akhudza cinamwali ndi dambwe, ndipo eni mwambo, anamkungwi ndi akulu a kumzinda, ndiwo anene ngati ana angafikeko. Mphunzitsi sanatumidwe kukaulula zinsinsi za mudzi, ndipo akalakwa pamenepa makolo adzatseka pakamwa pa zina zonse.

Cacitatu, pa thanthwepo ana apenye ndi maso okha. Asakhudze, asathire madzi kuti utoto uoneke bwino, asatsatire mizere ndi coko, ndipo asatole kanthu pansi. Mwala wocotsedwa pamalo pace wataya mbiri yace, pakuti akatswiri adziwa zaka zace poona kuya kwa nthaka imene unagonamo.

Cacinai, mwana ali yense ajambule m'kope mwace cimene aona, alembe mtundu wa utoto, ayese kukula kwace, ndi kuwerenga mizere. Pamenepo phunziro la mbiri lakomana ndi la masamu ndi la zojambula. Pobwerera, ana afunse agogo ao zimene akumbukira za Akafula, azilembe monga momwe zanenedwera, ndipo sukulu izisunge. Nchito imene Bleek ndi Lloyd anaicita ku Cape Town siingacitikenso kwa Akafula eni ace, koma zikumbukiro za anansi ao zikali m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalambazo zikutha caka ndi caka.

Cacisanu, malo atsopano akapezeka, kapena akale akayamba kuonongeka, mphunzitsi wamkuru alembere kalata bungwe lija ndi kudziwitsa mfumu ya dera.

Pophunzitsa, mau asankhidwe bwino. Mwana asauzidwe kuti Akafula anali anthu opusa cifukwa sankalima. Munthu amene adyetsa banja lace caka conse ndi uta, msampha ndi ndodo yokumbira ayenera kudziwa mtengo uli wonse, nyengo ya masuku ndi ya maula, mayendedwe a nyama ndi pobisala madzi m'cirimwe. Imeneyo ndi nzeru, ndipo inasunga anthu m'dziko lino nthawi yaitali kuposa imene cimanga cakhala kuno.

Caka ndi caka, mwezi wa August, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mbiri yao imasimbidwa pamaso pa khamu. Akafula alibe mfumu yowachula, alibe bwalo, alibe mdzukulu wodziwa kuti ndi wao. Ngati dzina lao lidzachulidwa mwa ulemu m'maboma ano, lidzachulidwa m'kalasi. Cotero pempho kwa inu nonse ndi lakuti pofika msonkhano wotsatira, sukulu iri yonse ibwere ndi yankho la funso limodzi: kodi thanthwe lojambulidwa la pafupi ndi sukulu yanu liri pati, ndipo liri bwanji lero?