KUPHUNZIRA CHIJEREMANI POŴERENGA TINKHANI TATIFUPI

Lero tikambirana za Chijeremani, chilankhulo cha ku Germany, ku Austria ndi mbali yaikulu ya Switzerland. Ena amachifuna chifukwa cha maphunziro, ena ntchito, enanso banja. Pakuti kuyambira chaka cha 2007 lamulo la Germany limafuna kuti mlendo wopita kukakhala ndi mwamuna kapena mkazi wake kumeneko ayambe wasonyeza kuti Chijeremani chapoyambira amachidziŵa, kupatula magulu ena amene lamulolo lidawamasula. Tsono funso nali: kodi munthu angayambire pati?

Ambiri amayamba ndi kuloŵeza malamulo, ndipo amagwa ulesi msanga. Maina m'Chijeremani ali m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi kamau kake kotsogolera dzina. Galu ndi der Hund, mphaka ndi die Katze, mwana ndi das Kind. Timau timeneti timasinthanso malinga ndi ntchito ya dzinalo m'chiganizo. Tikati Der Hund sieht den Mann, ndiye kuti galu akuona bambo. Koma tikati Den Hund sieht der Mann, woona uja tsopano ndi bambo, ngakhale galu watchulidwa poyamba. Mneni nayenso nthaŵi zina amaduka paŵiri. Liu lotanthauza kudzuka ndi aufstehen, koma wonena kuti amadzuka 6 koloko amati Ich stehe um sechs Uhr auf, kachidutswa kena nkukagwera kumapeto kwenikweni.

Izi zisatiopse, chifukwa Chicheŵa chathu chili ndi magulu a maina ochuluka kuposa aŵa. Timati mwana wagwa, chingwe chagwa, zingwe zagwa, osaphonya. Kodi anatiloŵezetsa ndani? Tidazimva kaŵirikaŵiri m'nkhani za akuluakulu ndi m'nthano za agogo mpaka khutu lidazoloŵera. Tinkhani tolembedwa motsata msinkhu wa wophunzira timagwira ntchito yomweyo. Wolemba amasankha mau oŵerengeka, nawabwereza m'ziganizo zosiyanasiyana. Galu amene anali der Hund pa tsamba loyamba mumpeza ali den Hund pa tsamba lachiŵiri, ndipo popeza mukufuna kudziŵa chimene chamgwera, lamulo lija limakhazikika m'mutu mosakakamiza.

Njirayi si yachilendo ai. Mu 1933 Peter Hagboldt wa ku yunivesite ya Chicago adayamba kutulutsa timabuku totere, koyamba kake kotchedwa Allerlei. Masiku ano timabuku tambiri timatsata makwerero asanu ndi limodzi, kuyambira A1 mpaka C2, amene bungwe la Council of Europe lidasindikiza mu 2001. Woyamba kumene afune kabuku kolembedwa A1 pachikuto. Mayeso a gawo limeneli a bungwe la Goethe-Institut amafuna mau pafupifupi 650 basi. Nthano zotchuka zimene Jacob Grimm ndi m'bale wake Wilhelm adatulutsa mu 1812 muyambe mwazisunga, pakuti Chijeremani chake nchakale ndiponso nchozama.

Poŵerenga, tsatani izi. Sankhani kankhani kamene mau ake ambiri mukuwadziŵa kale. Ngati mzere uliwonse ukukutumani ku dikishonale, kabukuko nkamsinkhu wina. Ŵerengani koyamba osaima, kuti mumve mutu wa nkhani. Kachiŵiri ŵerengani mokweza, makamaka ngati pali mau ojambulidwa oti muwatsanzire. Dzina lililonse latsopano mulilembe pamodzi ndi kamau kake: das Haus, osati Haus yekha. Kulipeza dzina nkosavuta, chifukwa m'Chijeremani maina onse amayamba ndi lemba lalikulu. Potsiriza tsekani buku, ndipo mufotokozere mnzanu nkhaniyo m'ziganizo zisanu.

Tsamba limodzi tsiku ndi tsiku liposa masamba makumi aŵiri kamodzi pa mwezi, paja akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.