Kukhala ndi Impso Imodzi: Mau a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka



Ena mwakhala mukundifunsa monong'ona ngati nzoona kuti ndili ndi impso imodzi. Nzoonadi. Yakumanzere madotolo anaichotsa atapezamo chotupa cha khansa. Chizindikiro chake chinali magazi mumkodzo, popanda ululu uliwonse. Kwathu kuno tikaona zotere timangoti ndi likodzo, pamene nthawi zina si likodzo ayi. Munthu wamkulu akaona magazi apite akamupime, akamujambulenso m'mimba.

Achibale anachita mantha, ena mpaka kundiletsa kusaina. Komatu opaleshoni imeneyi ndi yakale. Gustav Simon anaichita ku Heidelberg m'chaka cha 1869, mayi wodwalayo nachira. Kuyambira 1990, pamene Ralph Clayman anayamba njirayi ku St. Louis, impso imathanso kuchotsedwa kudzera pa timabowo ting'onoting'ono, dotolo akuyang'ana ndi kamera. Ine anandicheka mwachikale, m'munsi mwa nthiti.

Impso yotsalayo imakula, nkumagwira pafupifupi magawo 70 pa 100 a ntchito ya ziwiri zija. Nzokwanira kulima, kupita kuntchito, ngakhale kubereka. Kungoti ilibenso inzake yoilandira ikatopa. Nchifukwa chake mchere ndinachepetsa. Brufen ndi diclofenac, amene timangogula osafunsa dotolo, sindimwanso. Mutu ukawawa ndimamwa Panado. Mankhwala azitsamba opanda muyeso ndimawakana, ngakhale andibweretsere ndi azakhali. BP, shuga ndi mkodzo ndimakayezetsa chaka chilichonse.

Ofuna kuona chipsera andipeze nthawi ya tiyi.